Mwana akasowa kumudzi, maola oyamba ndi athu

Pa 27 Disembala 2024, mnyamata wina wosakwana zaka 10 adasokera kuchokera kumudzi kwawo m'dera la Nyaminyami, kumpoto kwa Zimbabwe, n'kukalowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Matusadona, m'mbali mwa nyanja ya Kariba. M'nkhalangomo muli mikango, njovu ndi njati. Anthu akwawo, apolisi ndi alonda a nkhalango adamusaka, koma mvula yamphamvu inkafufuta mapazi ake. Tsiku ndi tsiku a m'mudzimo ankaimba ng'oma kuti mwina aimve n'kulondola kumene ikulira. Pa 30 Disembala alonda adaona timapazi tatsopano, ndipo m'mawa wa pa 31 adamupeza wamoyo. Bungwe loyang'anira nyama zakuthengo m'dzikomo, la ZimParks, lidati mwanayo adayenda makilomita pafupifupi 49. Chidamusunga ndi zipatso zakuthengo ndi madzi amene ankakumba ndi kamtengo mumchenga wa mitsinje, luso limene ana a kumeneko amaphunzira chifukwa cha chilala.

Abale ndi alongo anga a m'mbali mwa nyanja, nkhani imeneyi ikutikhudza chifukwa malo ake akufanana ndi athu. Bungwe la African Parks, limene likuthandiza kuyendetsa Matusadona, ndi lomwelonso lakhala likuyendetsa nkhalango za Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira mu 2015, ndi ya Mangochi kuyambira mu 2018. Midzi yathu yambiri idapanikizika pakati pa madzi ndi phiri: kutsogolo kuli nyanja, kumbuyo kuli Namizimu, Phirilongwe kapena thengo lina lopanda njira zodziwika. Ana athu amalowa m'malo amenewa tsiku ndi tsiku pokatola nkhuni, pokazula bowa, pokatola masuku ndi pokadyetsa mbuzi. Maganizo anga ndi akuti mwana akasowa kumudzi wakutali, zimene mudziwo uchite m'maola atatu kapena anayi oyambirira n'zolemera kuposa zimene boma lingadzachite mawa lake. Pa maola amenewa ndi pamene ife tili osakonzeka, ngakhale kuti zipangizo zofunika tili nazo kale.

Tiyambe ndi masamu. Mwana wa zaka 7 angathe kuyenda makilomita 2 pa ola limodzi. Ngati sitikudziwa mbali imene walowera, pakutha pa olalo malo oyenera kusakidwa ndi bwalo lozungulira la masikweya kilomita pafupifupi 13. Pakatha maola 3 mwanayo angakhale ali pa mtunda wa makilomita 6, ndipo bwalo lija lakula kufika pa masikweya kilomita 113. Nthawi yawirikiza katatu, malo osaka awirikiza ka 9. Banja limene laona nthawi ya Asr kuti mwana palibe, n'kunena kuti tidikire abwera yekha, pofika Isha limakhala litasandutsa ntchito ya anthu ochepa kukhala ntchito ya midzi ingapo.

Malo enieniwo amawonjezera vuto. M'dzinja udzu umapitirira msinkhu wa munthu wamkulu, ndipo mwana wogona m'munda wa chimanga chomasula mungamudutse pafupi osamuona. Mvula imodzi imafufuta mapazi onse, monga zidachitikira ku Matusadona, ndipo kamtsinje kamene mwana adawoloka m'mawa madzi akulekeza m'akakolo kamakhala katasefukira madzulo. Kwathu kuno dzuwa likangolowa cha m'ma 6 koloko mdima suchedwa, ndipo tochi ya pafoni siwalitsa patali. Kumadzi nako kuli zake: ng'ona za mu Shire, za ku Malombe, za mu Bua ndi za ku Chia, mvuu zotuluka usiku, mabango amene bwato silingalowemo, ndi mwera wa mu Juni ndi Julayi umene ungatengere bwato la ana osewera kutali ndi gombe.

Thandizo nalo lili kutali. Kuchokera ku Makanjira kukafika pa boma la Mangochi ndi makilomita pafupifupi 100, pa msewu umene kwa zaka zambiri wakhala ukuduka nthawi ya mvula. Alipo madera amene munthu amakwera pachulu kuti foni igwire netiweki, ndipo kufupi ndi malire foni imangogwira ya ku Mozambique. Polisi yaing'ono yakumudzi imakhala ndi apolisi owerengeka, ndipo si nthawi zonse pamene galimoto ndi mafuta zimapezeka pamodzi. Malire nawo ndi otseguka. Kupatula zipata za Chiponde ndi Nayuchi, pali tinjira tambirimbiri timene njinga yamoto ingadutse ndi mwana, ndipo akangowoloka, nkhaniyo yasanduka ya maboma awiri, lina lolemba Chingerezi lina Chipwitikizi.

Chovuta china ndi mwana mwiniwakeyo. Ife akuluakulu timaganiza kuti wosochera akamva dzina lake ayankha. Anthu amene ntchito yawo ndi kusaka osochera adaona kalekale kuti ana aang'ono kawirikawiri sayankha. Wa zaka ziwiri kapena zitatu sadziwa n'komwe kuti wasochera. Akatopa amalowa pansi pa chitsamba, m'nkhokwe kapena m'bwato lovundikira n'kugona. Wokulirapo amaopa mawu achilendo, popeza ife tomwe tidamuphunzitsa kuthawa anthu osawadziwa, kapena amaopa chikwapu chifukwa wataya mbuzi. Ku Colombia, ndege yaing'ono itagwa m'nkhalango ya Amazon pa 1 Meyi 2023, ana anayi a mayi mmodzi, wamkulu wa zaka 13 ndipo wamng'ono wa miyezi 11, adakhala m'thengo masiku 40 asanapezeke pa 9 Juni. Pambuyo pake zidadziwika kuti nthawi zina ankamva owasaka ali pafupi koma ankabisala chifukwa cha mantha. Asilikali adafika pojambula mawu a agogo awo aakazi m'chilankhulo chakwawo n'kumawaulutsa m'nkhalangomo, ndipo m'gulu limene lidawapeza mudali eni nthaka odziwa thengolo. Choncho woitana akhale mayi, agogo kapena mwalimu amene mwana amadziwa mawu ake, aitane mofatsa, kenako onse akhale chete kuti amvetsere.

Unyinji wa anthu pawokha suthandiza. Mu Juni 1969, mnyamata wa zaka 6 adasowa m'mapiri a Great Smoky ku America. Mvula idagwa yambiri usiku woyamba, anthu pafupifupi 1,400 adalowa m'nkhalango kukamusaka, ndipo mwanayo sadapezeke mpaka lero. Akatswiri a kumeneko amaphunzitsabe nkhaniyi monga chitsanzo cha mmene khamu losalongosoka limapondera zizindikiro. Kwathu mkuwo ukamveka, mudzi wonse umathamangira pamene mwana adaonekera komaliza, ndipo posakhalitsa timapazi timene mlenje wa m'mudzimo akadalondola timakhala titafufutika ndi mapazi a anthu achifundo.

Komabe nthawi yambiri imatayika kusaka kusanayambe, ndipo apa tilankhulane moona. Chikhalidwe chathu chokoma chakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe chili ndi kampata kake. Mayi amaganiza kuti mwana ali kwa agogo ake, agogo amaganiza kuti wagona kwa azakhali, ndipo zimadzadziwika kutacha kuti palibe wamuona chichokere dzulo masana. Bambo ali panyanja ndi chilimira usiku wonse, kapena ali ku Joni. Mayi wotsala yekha amaopa kukuwa kuti mwina anthu amunena kuti ngwosasamala, kapena amadikira kuti amalume a mwanayo, eni mbumba, amve kaye. Ena amati kupolisi salandira nkhani ya wosowa asanathe maola 24, motero amangokhala pansi. Kholo lisadzimange ndi mawu amenewo. Nenani nthawi yomweyo, pa nambala ya apolisi ya 997, pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116, ndi kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Mwana akapezeka ali kwa azakhali, chimene mwataya ndi tulo ta usiku umodzi basi.

Njira ina imene imadya maola ndi ya kwa owombeza. Banja lothedwa nzeru limatuma munthu pa kabaza kukafunsa kwa sing'anga wa kutsidya, ndipo ndalama zimene zikadagula mafuta a njinga zamoto zosakira zimathera kumeneko. Chisilamu chidaletsa kupita kwa olosera zobisika, ndipo chiletsocho sichisintha ngakhale wolosayo atavala mkanjo ndi kofia n'kumalemba zilembo za Chiarabu. Kuipa kwake sikuthera pa nthawi yotayikayo. Wowombeza sabweza munthu amene wamulipira wopanda yankho, choncho amatchula dzina, ndipo dzinalo kawirikawiri limakhala la nkhalamba yosauka, la mkazi mnzake wa mayiyo pamitala, kapena la munthu amene adakangana ndi banjalo za malire a munda.

Apa ndi pamene kusaka mwana kumasanduka kusaka munthu woti aphedwe. Kuba ana kulipodi. Lipoti la Amnesty International la mu Juni 2016 lidati kuyambira Novembala 2014 anthu achialubino osachepera 18 adaphedwa m'dziko muno ndipo ena 5 adabedwa osapezekanso, ndipo boma la Machinga lidamveka kwambiri ndi milandu yotereyi. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015 chifukwa vutolo ndi lenileni. Mwana wachialubino akasowa, apolisi amve mphindi yomweyo. Koma tikumbukirenso chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nalo, mpaka bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake kwa kanthawi, ndi Januwale 2016, pamene okalamba anayi adaphedwa ku Neno powaganizira ufiti. Khamu likathamangira kukagumula nyumba ya woganiziridwa, kumtsinje ndi kuthengo kumatsala kopanda wosaka. Ngati woganiziridwayo ngwosalakwa, mudzi wasenza magazi. Ngati akudziwadi kanthu, mwatseka pakamwa pamene pakadanena kumene mwana ali. Qur'an yolemekezeka, m'Surah Al-Hujurat, imatilamula kufufuza nkhani tisanaichitepo kanthu, ndipo lamulo la dziko la mu 1911 limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. N'chimodzimodzinso pa WhatsApp: tumizani chithunzi cha mwana, musatumize cha mlendo amene mwangomukayikira.

Nanga chithunzicho tili nacho? Mabanja ambiri ali ndi foni yojambula, koma alibe chithunzi cha chaka chino chooneka bwino nkhope ya mwana aliyense. Ana ena ali ndi maina atatu, la kunyumba, la kusukulu ndi la kumadrasa, ndipo chilengezo chikatchula limodzi lokha, amene amamudziwa ndi lina sazindikira. Kulembetsa mwana akabadwa kudakhala kokakamiza kuyambira mu 2015, kudzera ku National Registration Bureau. Chiphaso chobadwira n'chimene chingathandize kutsimikizira apolisi a ku Mandimba kapena ku Lichinga kuti mwana amene wapezeka kumeneko ndi wanu.

Tsopano tione zimene tili nazo. M'midzi yambiri ya ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota, chipangizo champhamvu kwambiri cholankhulira ndi anthu ndi chimkuzamawu cha pamzikiti. Mzikiti umasonkhanitsa anthu kasanu patsiku, muazini amadziwa nyumba iliyonse, ndipo madrasa ili ndi kaundula wa ana. A ku Nyaminyami adali ndi ng'oma. Ife tili ndi liwu limene mwana aliyense wa m'mudzi amalidziwa chibadwire, ndipo usiku limamveka patali. Ndikupempha makomiti a mizikiti kuti agwirizane pasadakhale kuti mwana akasowa, kaya ndi wa Msilamu kaya ndi wa Mkhristu, chimkuzamawu chilengeze nthawi yomweyo, ndipo chizilankhulanso pakapita mphindi zingapo usiku wonse, kuti wosocherayo adziwe mbali imene kuli mudzi.

Mashehe anzanga ena akayikira, ndipo chifukwa chawo n'chomveka. M'mabuku a Hadith muli chiletso cha kulengeza zinthu zotayika mumzikiti, pakuti mizikiti sidamangidwire zimenezo. Koma chiletsocho chidanenedwa pa munthu wofunafuna ngamira yake, chimene ndi chuma. Kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zisanu zikuluzikulu za Shariah, ndipo m'maphunziro a fiqh timauzidwa kuti woswali ayenera kudula Swala yake akaona mwana akumira kapena wakhungu akulunjika kuchitsime. Ngati Swala imene yayambika kale ingadulidwe chifukwa cha moyo, chimkuzamawu sichingakhale chopatulika kuposa Swala. Kumene mitima ikukayikabe, chingwe chitalikitsidwe, wolengeza aimirire pakhonde kunja kwa malo oswalira. Chofunika n'chakuti nkhaniyi ithe lero pamene palibe mwana wasowa, kuti usiku wa tsoka akuluakulu asadzayambe mtsutso wa malamulo mayi akulira pabwalo.

Chilengezo chikamveka, pakhale mtsogoleri mmodzi, wosankhidwa kale ndi nyakwawa pamodzi ndi komiti ya mzikiti ndi atsogoleri a mipingo ina, amene akhale pamalo amodzi ndi kope ndi cholembera. Ayambe wafunsa amene adamuona mwanayo komaliza, nthawi yake ndi zimene adavala. Ana anzake afunsidwe modekha, osawaopseza, pakuti iwo ndiwo amadziwa kumene amakasewera. Malo omalizawo atchingidwe, alowepo anthu awiri okha odziwa kulondola mapazi. Gulu loyamba lithamangire kumadzi onse apafupi: gombe, zitsime zosavundikira, maenje a njerwa, zimbudzi zakugwa ndi madambo, pakuti madzi sapereka nthawi. Lachiwiri lisake m'nyumba momwemo ndi pozungulira pake. Anyamata a kabaza atsate njira zotulukira m'mudzi, afike pamsika ndi kunyumba zoonetsera kanema, ndipo nyengo ya zinamwali afunse kwa angaliba ngati mnyamata sadatsatire anzake kundagala. A komiti ya pagombe adziwitse madoko oyandikana nawo ndi asodzi amene ali panyanja. Gulu lililonse likhale la anthu osachepera atatu, liuzidwe malire ake, ndipo libwerere kudzanena, kuti mtsogoleri alembe kumene kwasakidwa ndi kumene kwatsala. Uthenga upite ku Radio Islam ndi ku mawailesi a m'madera monga ya Dzimwe ndi ya Nkhotakota. Ngati mudzi uli m'malire a nkhalango, alonda ake amve tsiku lomwelo. Ku Matusadona ndi iwo amene adaona mapazi.

Aphunzitsi a madrasa ali ndi gawo losalira ndalama. Ana ambiri amaweruka kusukulu masana n'kupita kumadrasa madzulo, motero mwalimu ndiye wamkulu womaliza kuwawerenga dzuwa lisanalowe. Aziitana maina tsiku lililonse, ndipo mwana akajomba atume wophunzira wokulirapo kukafunsa kwawo tsiku lomwelo. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adalangiza kuti ana azisungidwa m'nyumba pamene mdima ukugwa. Nyumba iliyonse itatenga Maghrib monga nthawi yowerenga ana ake, palibe mwana angasowe usiku wonse osadziwika. Anawo tiwaphunzitsenso maina onse a makolo awo ndi la mudzi wawo, nambala imodzi ya foni pamtima, ndi lamulo lakuti ukasochera ima pamalo amodzi pamthunzi, ukamva kuitana yankha, sukakwapulidwa. Mnyamata wa ku Zimbabwe uja adapulumuka ndi zimene akwawo adamuphunzitsa.

Wina anena kuti zonsezi ndi ntchito ya boma, ndipo kuti tikamadzichitira tokha tikulimasula pa udindo wake. Pali choonadi pamenepo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 lidaika udindo pa boma ndi pa makhonsolo, ndipo aphungu ndi makhansala athu tiyenera kuwafunsa za njinga zamoto za apolisi akumudzi, za milatho, za nsanja za netiweki ndi za boti lofika msanga pakachitika ngozi panyanja. Koma ngakhale zonsezi zitatheka, wapolisi wochokera pa boma adzafikabe patapita maola, ndipo sadzadziwa za chitsime chakale chimene chili kuseri kwa manda. Wina anenanso kuti zonse zidalembedwa. Indedi zidalembedwa, koma cholembedwacho adatibisira, ndipo chimene adatilamula ndi kuyesetsa. Mneneri Yakubu, mtendere ukhale pa iye, patapita zaka zambiri Yusufu atasowa, adatumabe ana ake kuti akafufuze osataya chiyembekezo mwa Allah. Dua ichitike miyendo ikuyenda.

Si ana onse amene amapezeka. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, anthu oposa 500 adalembedwa kuti asowa, ana ali momwemo, ndipo mabanja ambiri alibe manda oti aloze. Banja lotere limakhala pakati: janaza silidaone, kuyembekezera silingasiye. Osaka akabalalika patapita masiku, mayi amatsala ndi mafunso ndi miseche. Tisamuweruze, pakuti aliyense amene adalerapo mwana akudziwa kuti kuphethira kumodzi n'kokwanira. Timuperekeze kupolisi kukafunsa mmene nkhani ikuyendera, tisamale ana ake otsalawo, ndipo chilengezo chizibwerezedwa Lachisanu m'mizikiti ya madera oyandikana nawo, ngakhale ya kutsidya kwa malire.

Lachisanu likubwerali, Swala ya Jumu'a ikatha, komiti ya mzikiti wanu ikhale pansi theka la ola pamodzi ndi nyakwawa. Isankhe mtsogoleri wa kusaka ndi wachiwiri wake, ilembe pakhoma la khonde nambala za apolisi, za alonda a nkhalango ndi za a komiti ya pagombe, igwirizane za chimkuzamawu, ndipo ione ngati batire lake limasunga moto magetsi akazima. Inu makolo, madzulo a tsiku lomwelo jambulani mwana aliyense chithunzi chooneka nkhope. Allah atisungire ana athu, ndipo amene adasowa awabweze kwa makolo awo.